Msasa wa Anorse pa L'Anse aux Meadows

Ku dziko la Canada kuli cisumbu cacikulu dzina lace Newfoundland, ndipo pa nsonga yace ya kumpoto pali kamudzi ka asodzi kochedwa L'Anse aux Meadows. Kamudziko n'kakang'ono ndithu, koma caka ndi caka, kuyambira mwezi wa June kufikira September, alendo a maiko ambiri amafikako kudzaona malo ena ali pambali pace. Pamalopo pali mabwinja a nyumba zimene Azungu anamanga ku America zaka pafupi 500 Columbus asanaoloke nyanja.

Njira ya kumeneko ndi yaitali ndipo nyumba zogona alendo n'zotalikirana. Cifukwa ca ici ambiri amayenda pa galimoto yogonamo, imene eni ace amati camper. Kunja ioneka ngati basi yaing'ono, koma m'kati mwace muli kama, mbaula, thanki ya madzi ndi kabati ya zakudya, kotero kuti munthu ayenda ndi nyumba yace monga icitira nkhono. Galimotoyo ilowa m'sitima ya pamadzi pa doko la North Sydney ku Nova Scotia, nioloka nyanja maola 6 kapena 7 kufika ku Port aux Basques. Ikafika pa tauni ya Deer Lake ikhotera kumpoto pa mseu wa nambala 430, wochedwa Viking Trail, ndipo pamenepo patsala makilomita oposa 400.

Mseuwo utsata gombe, nyanja kumanzere, mapiri kumanja. M'mbali mwace muli milu ya nkhuni ndi timinda ta mbatata ya kacewere, zimene eni ace azisiya kutali ndi midzi popanda mlonda. Woyendetsa wanzeru aima dzuwa lisanalowe, pakuti usiku mu mseu mumadutsa nyama yochedwa moose, yaikulu ngati nchefu, ndipo yapha anthu ambiri pogundana ndi magalimoto. Popita kumpoto mitengo inka nifupika, yopindika ndi mphepo, kufikira pamene mseu utha ndipo kutsogolo kuli nyanja yokha. M'mwezi wa June pa nyanjapo pamayandama mapiri a madzi ouma ocokera ku Greenland.

Mlendo akatsika, nayenda pa kanjira ka matabwa kodutsa padambo, mwina akhumudwa pang'ono. Sapeza linga kapena nyumba ya miyala. Apeza kamtsinje dzina lace Black Duck Brook, kadoko kosaya, ndi timizere ta dothi tomera udzu, tofanana ndi mitumbira ya m'munda umene unasiyidwa kale. Timizereto ndito makoma akugwa a nyumba za Anorse. Kuti munthu adziwe kulemera kwace, ayenera kuyamba wamva nkhani imene inafikitsa anthu pamenepo.

Mbiri ya pakamwa

Anorse anali anthu a ku Norway, Denmark ndi Sweden, amene ambiri amawacha ma Viking. Anali alimi, asodzi ndi amalonda, ndipo ena mwa iwo anali acifwamba a pa nyanja amene anasautsa England ndi Ireland. Ca m'ma 870 anayamba kukhala pa cisumbu ca Iceland. Patapita zaka zoposa 100, munthu wina dzina lace Erik, amene anzace anamucha Wofiira, anapitikitsidwa ku Iceland zaka 3 cifukwa ca mlandu wakupha anthu. M'zaka zimenezo anazonda dziko la kumadzulo, nalicha Greenland, ndiko kuti dziko lobiriwira, kuti anthu akopeke nalo. Ca m'ma 985 anabwerera kumeneko ndi zombo 25, koma zimene zinafika zinali 14 zokha.

Zimene zinatsatira anazisunga ndi pakamwa. Makolo anauza ana, ana nauza adzukulu, usiku wautali wa nyengo ya cisanu atazinga moto, kufikira m'zaka za m'ma 1200 pamene alembi a ku Iceland anazilemba pa zikopa. Nkhani zotere iwo amati saga, ndipo ziwiri mwa izo zikamba za dziko la kumadzulo kwa Greenland. Imodzi inena kuti wamalonda wina, Bjarni Herjólfsson, anatengedwa ndi mphepo ndi nkhungu naona maiko acilendo, koma sanatsikepo. Pambuyo pace Leif, mwana wa Erik, anagula combo ca Bjarni, natenga amuna 35 kukaona maikowo. Dziko loyamba linali la miyala yokhayokha ndipo analicha Helluland. Laciwiri linali la nkhalango ndi mcenga woyera, nalicha Markland. Lacitatu linali ndi msipu, nsomba zambiri ndi mphesa za kuthengo, nalicha Vinland, dziko la vinyo.

Koma dzikolo linali ndi eni ace. Saga inena kuti Thorvald, mbale wa Leif, anapeza anthu 9 pansi pa mabwato a zikopa, ndipo iye ndi anzace anapha 8, mmodzi nathawa. Posacedwa anafika mabwato ambiri, ndipo Thorvald analasidwa mubvi m'khwapa namwalira. Pambuyo pace anapita Thorfinn Karlsefni ndi mkazi wace Gudrid, atatenga ng'ombe, ndi colinga cakuti akhazikike. Mwana wao Snorri anabadwira komweko. Poyamba anacita malonda ndi eni dziko, kusinthana mkaka ndi nsalu zofiira ndi zikopa za nyama, koma Karlsefni analetsa kugulitsa zida. Mtendere sunakhalitse. Atamenyana, Anorse anaona kuti ngakhale dziko linali labwino, akanakhala ndi mantha masiku onse, ndipo anapakira katundu wao nabwerera.

Anthu ophunzira a pambuyo pace sanadziwe cocita nazo nkhanizi. Saga ziwirizo zitsutsana: ina iti Karlsefni anatenga amuna 60 ndi akazi 5, inzace iti anthu anali pafupi 160. Imodzi ifika ponena kuti Thorvald anaphedwa ndi munthu wa mwendo umodzi. M'caka ca 1911 Fridtjof Nansen, munthu wochuka wa ku Norway, analemba kuti zambiri za Vinland zinali nthano cabe. Ena anakhulupirira, koma anafunafuna kummwera, ku Massachusetts ndi Rhode Island, kumene mphesa zimamera, ndipo sanapeze kanthu koona.

Msodzi amene anaonetsa njira

Helge Ingstad, wa ku Norway, anaganiza mwina. Iye anawerenga saga monga aziwerengera woyendetsa combo, kuyang'ana masiku a ulendo ndi maonekedwe a magombe, ndipo anaona kuti ayenera kufuna kumpoto. M'caka ca 1960 anayenda m'midzi ya asodzi nafunsa funso limodzi ponseponse: kodi kuno kuli mabwinja acilendo? Ambiri anapukusa mitu. Masiku amenewo ku L'Anse aux Meadows kunalibe mseu, ndipo Ingstad anafikako pa bwato. Kumeneko anakomana ndi George Decker, mkulu wa m'mudzimo, amene anamtengera ku timitumbira tija. Anthu a pamudzi anatidziwa kuyambira kale, ndipo ankati ndi msasa wakale wa Amwenye a ku America.

Kuyambira 1961 kufikira 1968 anakumba pamalopo, ndipo amene anatsogolera nchito anali mkazi wa Ingstad, Anne Stine, katswiri wofukula zakale. Nchito yotere ndi ya timipeni ndi timaburashi, kupala dothi pang'onopang'ono m'mvula ndi m'mphepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anapeza nyumba 8: zitatu zazikulu, ndi zina zazing'ono. Yaikulu koposa inali ya mamita pafupi 29 m'litali, ya zipinda zingapo. Zonse zinamangidwa monga amangira ku Iceland nthawi imeneyo: mizati ndi mitanda ya mitengo, makoma ocindikala a zibuma za dothi la udzu, denga la zibuma zomwezo, ndi moto wautali pakati pa cipinda.

Komabe okayika anafuna cinthu cogwirika ndi manja. M'caka ca 1964 panapezeka kamwala kofewa kobulungira, kobooka pakati, kamene akazi a Anorse ankaika pa kamtengo kopotera ulusi wa ubweya. Kamwalako kanaonetsa kuti pa msasapo panalinso akazi. M'caka ca 1968 panapezeka phini wa mkuwa wosanganiza, wokhala ndi mphete kumutu kwace, wa mtundu umene Anorse ankamangira copfunda cao paphewa. Mwini wace anautaya osadziwa, ndipo unagona m'nthaka zaka zoposa 900. Kuyambira 1973 kufikira 1976 boma la Canada linakumbanso, ndipo m'dambo la pambali pa nyumbazo munaturuka zipalapala za mitengo mazanamazana, zosemedwa ndi zida za citsulo. M'caka ca 1978 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wace woyamba wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi.

Ng'anjo ya kutsidya kwa mtsinje

Umboni umene anthu a pa migodi angaumvetse msanga uli kutsidya kwa kamtsinje, patali pang'ono ndi nyumba zogona. Pamenepo panali kanyumba kokumbidwa m'mbali mwa citunda, m'kati mwace muli ng'anjo yaing'ono ya miyala yomata ndi dongo, ndipo pafupi pace panali dzenje lootchera makala. Pansi panali zinyalala za m'ng'anjo, zimene a pa migodi amati silagi. Ku Nkana kuli phiri lathunthu la silagi, koma wa pa L'Anse aux Meadows munthu mmodzi angamnyamule m'thumba. Ngakhale anali wocepa cotero, anatseka pakamwa okayika, pakuti eni dziko a cigawo cimeneco sankasungunula citsulo, ndipo silagi sabadwa yekha m'nthaka.

Anorse sanakumbe mgodi. Mtapo wao anautola m'dambo. Madzi oyenda pansi pa nthaka amatenga citsulo m'miyala, ndipo akafika m'dambo citsuloco cimaundana kukhala timibulu tofiirira pansi pa udzu. Munthu angofukula ndi khasu m'mphepete mwa mtsinje. Timibuluto amayamba atiwamba pa moto kuti tiume, kenaka atiika m'ng'anjo mosanjikiza ndi makala, napemerera ndi mvukuto kwa maola ambiri. Citsulo ca m'ng'anjo yotere sicisungunuka n'kuyenda ngati madzi monga ucitira mkuwa ku simelita. Cimene ciyenda ndi silagi, ndipo pansi patsala cibulu ca citsulo ca mabowomabowo, cimene wosula acimenya cikali cofiira kufikira zonyansa zitaturuka. Nkhalamba za ku Cipata ndi ku Lundazi zimene zinamva kwa makolo ao za ng'anjo zosulira makasu zikanaizindikira nchito imeneyi mosabvuta.

Akatswiri atayesa silagiyo anapeza kuti ng'anjoyo inayaka kamodzi kokha, ndi kuti inaturutsa citsulo ca makilogalamu pafupi 3. Anapezanso kuti citsulo cambiri cinatsalira m'silagi, kusonyeza kuti amene anagwira nchitoyo sanali mmisiri weniweni wa ng'anjo. Nanga anabvutikiranji? Yankho lili pambali pa nyumba yaikulu ija, pamene panali cisakasa cokonzera mabwato. Pamenepo ndi m'malo ena a msasawo anapeza zidutswa za misomali pafupi 100. Zombo za Anorse zinali za matabwa osanjikizana m'mphepete, olumikizidwa ndi misomali ya citsulo, ndipo madzi a mcere amadya misomali. Bwato linaonongeka, misomali yatsopano inasowa, ndipo sitolo inali kutsidya kwa nyanja. Anthuwo anayenera kusula okha kapena kufera ku dziko la eni.

Msasa wa anthu a nchito

Zimene sizinapezeke pamalopo zinena zambiri monga zimene zinapezeka. Mlimi wa Cinorse kulikonse kumene anakhazikika ankamanga khola la ng'ombe ndi nyumba yosungira udzu wouma, koma pano palibe khola. Palibenso manda. Madzala a zinyalala ndi aang'ono, kusonyeza kuti anthu anakhalapo zaka zowerengeka. M'nyumbazo mukanagona anthu 70 kufikira 90, ndipo nchito zao zinali za ukalipentala, kusula ndi kukonza mabwato. Mtsogoleri anali ndi cipinda cace, amuna wamba anagona pamodzi m'zipinda zazikulu, ndipo tinyumba tating'ono tiyenera kuti tinali ta anchito ndi akapolo. Munthu amene anakhalapo m'komboni ya pa mgodi masiku akale, pamene amuna anali ambiri ndi akazi owerengeka, ndipo mtima wa aliyense unali kumudzi, adzawazindikira makhalidwe amenewa.

Birgitta Wallace, katswiri amene anatha zaka zambiri pa nchito ya malowa, anafotokoza kuti L'Anse aux Meadows linali khomo lolowera ku Vinland. Umboni wace ndi mtedza utatu wa mtengo wochedwa butternut, pamodzi ndi cidutswa ca mtengo womwewo cosemedwa ndi mpeni. Mtengo umenewu sumera ku Newfoundland. Malire ace a kumpoto ali ku New Brunswick ndi ku cigwa ca mtsinje wa St Lawrence, makilomita mazana ambiri kummwera, ndipo kumeneko ndiko kumameranso mphesa za kuthengo. Motero saga sizinaname za mphesa. M'cilimwe magulu ankacoka pa msasa kunka kummwera kukadula mitengo ndi kukachera mphesa ndi mtedza, nabwerera cisanu cisanayambe. Ku Greenland kulibe nkhalango, ndipo matabwa anali cuma cacikulu.

Caka cimene mitengo inasunga

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankangoti msasawo unali wa ca m'ma 1000. Caka ceniceni cinadziwika mu 2021, ndipo cinadziwika mwa njira yodabwitsa. Mtengo wa ku maiko ozizira umaonjeza mzere umodzi m'thunthu mwace caka ciri conse. M'caka ca 993 mitengo ya pa dziko lonse inalandira cizindikiro ca mphamvu yaikulu yocokera kumwamba, imene akatswiri ati inali namondwe wa padzuwa, ndipo mzere wa caka cimeneco uli ndi kaboni wa mtundu wina woculuka kuposa mizere inzace. Margot Kuitems ndi Michael Dee, a pa yunivesite ya Groningen ku Netherlands, anatenga zidutswa zitatu za mitengo itatu yosiyana za m'dambo muja, zonse zodulidwa ndi citsulo ndi zokhala ndi mzere wotsiriza wa pansi pa khungwa. Anapeza mzere wa 993, nawerenga mizere yotsatira kufikira kukhungwa. Zonse zitatu zinapereka caka cimodzi, 1021. Columbus anafika ku America mu 1492, zaka 471 pambuyo pace. Zidutswazo zinali zotaya za munthu wodula mitengo, amene dzina lace palibe saga imene inalisunga.

Cifukwa cace anacoka

Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Anorse anacoka mwadongosolo, atatenga zida ndi katundu wao yense, ndipo n'cifukwa cace zinthu zopezeka ndi zotayika ndi zothyoka zokha. Nyumba zao zinapsa ndi moto, ndipo akatswiri ambiri aganiza kuti anazitentha eni ace pocoka.

Zifukwa zocokera zinali zoonekera. Anthu onse a ku Greenland nthawi imeneyo ayerekezedwa kuti anali 400 kapena 500 okha, ndipo mudzi waung'ono cotero sukanatha kutumiza amuna amphamvu 70 caka ndi caka osasiya minda ndi ziweto pa mabvuto. Ulendo wa ku Vinland unali wautali ndi woopsa monga wa ku Norway, koma ku Norway munthu akanagula citsulo, tirigu ndi zina zambiri zimene ku Vinland kunalibe. Ndipo koposa zonse panali eni dziko. Anorse anawapatsa dzina lonyoza lakuti Skraeling, koma anthu amenewa anali ambiri, anadziwa mitsinje ndi nkhalango zao, ndipo mibvi yao inapha monga mikondo ya alendo. Mfuti kunalibe masiku amenewo. Pa L'Anse aux Meadows pomwe, zofukulidwa zionetsa kuti mitundu yosiyanasiyana ya eni dziko inamangapo misasa nthawi ndi nthawi kuyambira zaka pafupi 6,000 zapitazo. Conco kunena kuti Leif kapena Columbus anabvumbula America ndi kulankhula monga aonera a ku Ulaya okha.

Njira ya kumadzulo sinaiwalike msanga. Ca m'ma 1075 mbusa wina wa ku Germany, Adam wa ku Bremen, analemba za Vinland monga anamvera kwa mfumu ya Denmark. Mabuku a zaka a ku Iceland anena kuti mu 1347 kunafika combo cacing'ono ca ku Greenland cimene cinacokera ku Markland. Koma Anorse a ku Greenland nawonso anatha. Mbiri yotsiriza yolembedwa ya iwo ndi ya ukwati umene unacitika m'chalichi ca Hvalsey mu 1408.

Lero mabwinjawo anakwiriridwanso ndi mcenga ndi udzu kuti asaonongeke, ndipo capafupi anamanga nyumba zofanizira kuti alendo aone m'mene zinaliri. Mlendo awerama polowa pa khomo lalifupi, napeza m'kati muli mdima, pfungo la utsi ndi kutentha, mphepo ya kunja osamveka konse. Anchito obvala zobvala za Anorse asula misomali ndi kupota ulusi pamaso pace. Phini wa mkuwa ndi kamwala kopotera ulusi n'zazing'ono, zokwana m'dzanja limodzi.

Madzulo mlendoyo abwerera ku galimoto yace, nayatsa mbaula, naphika tiyi, mphepo ili kugwedeza nyumba yace ya mateyala. Iye m'mawa adzatembenuka, ndipo pakutha pa masiku awiri adzakhala pa doko. Amene anagona pa gombe lomwelo mu 1021 anayenera kudikira cisanu conse kufikira madzi ouma atasungunuka, kudalira misomali yosula okha. Nkhani yao inayenda pakamwa zaka 200 isanalembedwe, ndipo inatola zoonjezera panjira, monga zicitira nkhani zonse za makolo, koma msana wace unali woona. Mau a akuluakulu akoma akagonera. M'midzi ya m'Zambia muli nkhalamba zodziwa kumene mtundu wao unacokera, mitsinje imene unaoloka ndi pamene panali ng'anjo zakale, ndipo m'thengo muli milu ya silagi imene anthu amaiponda osaiyang'ana. Helge Ingstad anapeza cimene ophunzira ambiri analephera kupeza cifukwa anapita kukafunsa msodzi wa pamudzi, namvera zimene anamuuza.